Makampani a kanema akugulana: banja la ku Zomba lisankhe DStv, Netflix, Prime Video kapena njira zotchipa?

Mu Seputembala 2025 kampani ya ku France ya Canal+ inatenga ulamuliro wa MultiChoice, eni ake a DStv, GOtv, SuperSport ndi Showmax, itagula masheya pamtengo wa marandi 125 iliyonse. Nkhaniyi inkakambidwa ku Paris ndi ku Johannesburg, koma ikukhudza dishi iliyonse yomwe ili padenga ku Matawale, ku Chinamwali kapena ku Sadzi. Ikukhudzanso mnyamata amene amakwera makwerero kukaimanga.

Kugulana kotereku kwachuluka. Disney inagula mbali yaikulu ya 21st Century Fox mu 2019. Amazon inagula MGM mu Malichi 2022 pa madola 8.45 biliyoni. WarnerMedia ndi Discovery zinaphatikizana mu Epulo 2022, ndipo Skydance inatenga Paramount mu Ogasiti 2025. Zotsatira zake zimafanana pafupifupi nthawi zonse. Wogulayo amakhala atawononga ndalama zambiri kapena atatenga ngongole, ndiye amayamba kufufuza poti adule. Warner Bros. Discovery, kampani yomwe inatuluka pophatikiza WarnerMedia ndi Discovery, inatseka CNN+, ntchito yoonetsera nkhani pa intaneti, patangotha mwezi umodzi itatsegulidwa, inaletsa kutulutsa filimu ya Batgirl yomwe inali itajambulidwa kale, ndipo inachotsa Westworld ndi masewero ena pa HBO Max, ntchito yake yoonetsera mafilimu pa intaneti. Sony itagula Crunchyroll, yoonetsa makatuni a ku Japan pa intaneti, mu 2021, inatseka Funimation, ntchito yake ina yotero, mu Epulo 2024, ndipo anthu amene anali ndi makope awo a mafilimu pa akaunti za Funimation sanawapezenso kwinako. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo: filimu yomwe ili pa seva ya kampani si yanu, ngakhale munalipira.

N'chifukwa chake funso lathu si lakuti ndani ali ndi mafilimu abwino. Funso ndi lakuti eni ake akasintha mawa, inu mudzataya zingati ndipo mudzatuluka mosavuta bwanji.

Zoyenera kuyeza musanalipire

Pamtengo, musawerengere ndalama ya pamwezi yokha. Onjezanipo bandulo, zipangizo zogula poyamba, ndi mtundu wa ndalama yolipirira. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho chilichonse cholipira m'madola chimatha kukwera usiku umodzi kampani isanakweze kalikonse.

Pakupezeka, funsani ngati ntchitoyo ndi yololedwa ku Malawi, komanso ngati netiweki kapena siginolo imafika bwino m'chipinda chomwe muli TV, osati pabwalo pokha. Disney+ inafika ku South Africa mu Meyi 2022 koma kuno sinatsegulidwe, ndiye sitiiwerengera.

Pakusamalira, ganizirani zomwe zimawonongeka ndi amene angazikonze muno mu Zomba. Pachiopsezo, onani mbiri ya eni ake: kodi anachotsapo matchanelo, anasinthapo mapakeji, anatsekapo ntchito?

DStv ndi GOtv

*Mtengo.* Mumalipira m'makwacha kudzera pa Airtel Money, Mpamba, Mo626 kapena kwa ma ejenti, ndipo uwu ndi ubwino waukulu nthawi ino yomwe ndalama zakunja zikusowa. Koma musanyengeke: SuperSport imagula ufulu woonetsa Premier League ndi mipikisano ina ndi ndalama zakunja, kotero kwacha ikagwa mtengo wa pakeji umatsatira pakapita nthawi. Poyamba mumafunika dekoda, dishi ya masentimita 90, LNB (kachipangizo kolandira siginolo kutsogolo kwa dishi), chingwe cha RG6 ndi ndalama ya womanga. GOtv siifuna dishi, imagwiritsa ntchito eriyo, ndipo ndiyotsikirapo mtengo. Mapakeji a DStv amayambira pa ang'onoang'ono monga Access ndi Family kukafika pa Compact, Compact Plus ndi Premium. Musanasankhe, onani mndandanda wa matchanelo wa mwezi umenewo, osati womwe mukukumbukira, chifukwa mipikisano imasamutsidwa kuchoka pa pakeji ina kupita pa ina.

*Kupezeka.* Dishi imagwira kulikonse komwe thambo likuoneka bwino, kaya ku Jali, ku Mayaka kapena kuseri kwa phiri ku Chingale. GOtv imadalira nsanja zapansi, ndiye phiri kapena chigwa zimatha kuiphimba. Musagule musanaone ikugwira kwa oyandikana nawo nyumba. Olipira DStv amathanso kuonera pafoni kudzera pa DStv Stream, koma pamenepo bandulo ndi yanu.

*Kusamalira.* Zomba imalandira mvula yambiri, makamaka madera a m'munsi mwa phiri monga Mulunguzi, ndipo mvula yamphamvu imadula siginolo ya dishi. Chithunzi chimayamba kuduka timabokosi, kenako pamabwera uthenga wa E48-32. Ngati uthengawu ukupitirira mvula itasiya, vuto kawirikawiri limakhala pa zinthu zitatu: madzi alowa pomwe chingwe chimalumikizana ndi LNB ndipo waya wamkuwa wachita dzimbiri, mphepo yasuntha dishi, kapena nthambi ya mtengo yakula patsogolo pake. Womanga wabwino amakulunga polumikizirapo ndi tepi yosalowa madzi, amapinda chingwe pang'ono chisanalowe m'khoma kuti madzi azidontha panja, ndipo amamangirira dishi pakhoma la njerwa osati pa thabwa la m'mphepete mwa denga. Uthenga wa E16 ndi wina: umatanthauza kuti tchaneloyo siili pa pakeji yanu kapena malipiro sanafike, ndipo umachotsedwa pa pulogalamu ya pafoni ya MyDStv dekoda ili yoyaka. Magetsi akabwera atathima amabwera ndi mphamvu yosakhazikika, ndiye kachipangizo koteteza ku mphamvu yopyola muyeso n'kotchipa kuposa dekoda yatsopano.

*Chiopsezo.* Apa ndiye pofunika kukhalitsa. Mu Ogasiti 2023 MultiChoice Africa Holdings inalengeza kuti ikuchotsa DStv ku Malawi itasemphana ndi MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi mafoni, pankhani yokweza mitengo, ndipo ntchitoyi inabwerera mu Disembala chaka chomwecho bwalo lalikulu la milandu litagamula. Pamlanduwo MultiChoice Malawi inkanena kuti si iyo imene imaika mitengo ya DStv. Mfundo imeneyi ikadali yofunika lero: mitengo ndi matchanelo zimagamulidwa kunja, ndipo tsopano wogamulayo ndi mwini watsopano amene wanena poyera kuti akufuna kuchepetsa ndalama zoyendetsera ntchito. MultiChoice inagulidwa ili yofooka, itataya olipira pafupifupi 1.2 miliyoni m'chaka chomwe chinatha mu Malichi 2025 n'kutsala ndi 14.5 miliyoni.

Matchanelo ambiri a pa DStv si a MultiChoice, amachita kubwerekedwa. Kugulana kwa makampani ku America kumatha kuwazimitsa kuno. Paramount itagulidwa, matchanelo ake a MTV Base ndi BET Africa anasiya kuoneka kumayambiriro kwa 2026. Wolipira sabwezeredwa kanthu tchanelo ikachoka.

Showmax, ntchito ya MultiChoice yoonetsera mafilimu pa intaneti, ikusonyeza bwino momwe zinthu zimasinthira. Inayamba mu 2015. Kampani ya ku America ya NBCUniversal itatenga 30 peresenti ya masheya a Showmax, Showmax Pro yomwe inkaonetsa masewera ambiri inathetsedwa kumapeto kwa 2023, ndipo mu Febuluwale 2024 anthu anauzidwa kutsitsa pulogalamu yatsopano, mpira womwe unalipo n'kukhala wa Premier League pafoni pokha. Ntchitoyi inkadya ndalama zambiri kuposa zomwe inkalowetsa, ndipo mwini watsopano amene akufuna podula amayambira pa zotere. Sitikuiika pakati pa njira zoti banja limangirepo dongosolo lake.

Netflix

*Mtengo.* Netflix imalipiritsa m'madola, ndiye mumafunika khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kulipira kunja. Mabanki amaika malire pa malipiro otere ndalama zakunja zikasowa, ndipo khadi likakanidwa akaunti imaima mpaka mutalipira. Koma ndalama yaikulu si imeneyo, ndi bandulo. Malinga ndi Netflix yomwe, ola limodzi limadya mpaka 0.3GB pamlingo wotsika, 0.7GB pamlingo wapakati, 3GB pa HD ndi 7GB pa 4K. Banja loonera maola awiri tsiku lililonse pamlingo wapakati limamaliza 42GB pamwezi. Pa HD ndi 180GB. Tengani mtengo wa bandulo ya TNM kapena Airtel yomwe mumagula, muwerengere nokha, ndipo nthawi zambiri mudzapeza kuti bandulo yaposa malipiro a Netflix kangapo.

*Kupezeka.* Yakhala ikupezeka ku Malawi kuyambira Januwale 2016. Chithunzi cha 720p chimafuna liwiro la 3 Mbps, cha 1080p 5 Mbps. Mkati mwa tauni 4G imakwanitsa, ngakhale madzulo anthu akachuluka pa nsanja imodzi, monga ku Chikanda sukulu ikatsegulidwa, liwiro limatsika ndipo chithunzi chimachita mbuu. Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, inayamba kugwira ntchito ku Malawi mu 2023 ndipo imathetsa vuto la bandulo, koma zipangizo zake n'zodula ndipo dishi yake yaikulu imadya mawati 50 mpaka 100 nthawi yonse yomwe yayaka, zomwe n'zolemera pa sola yaing'ono. Mpira wa Premier League palibe pa Netflix, nkhani za kuno palibe, ndipo zopangidwa ku Malawi n'zochepa kwambiri. Chodziwika ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu.

*Kusamalira.* Palibe chokwera padenga, koma pali zoti mukonze tsiku loyamba. Lowani pa akaunti kudzera pa msakatuli, pitani pa Playback settings, musankhe Low kapena Medium pa dzina lililonse la woonera, chifukwa aliyense ali ndi zake. Pomwepo zimitsani kuonetsa tizigawo tamafilimu tokha mukamafufuza, popeza timadya bandulo musanayambe n'komwe kuonera. Pafoni sankhani Save Data, yomwe imapereka pafupifupi maola 6 pa 1GB. Tsitsani mafilimu usiku ndi bandulo yotchipa pamlingo wa Standard, koma dziwani kuti ena amatha patapita maola 48 mutayamba kuwaonera. Ma TV akale ndi mabokosi otchipa a Android osavomerezeka amakana pulogalamuyi kapena amangoonetsa chithunzi chotsika, ndiye yesani m'sitolo musanagule. Marauta ambiri amagwira ntchito pa 12V ndipo kabatire kakang'ono kamawayendetsa maola angapo magetsi atathima.

*Chiopsezo.* Kuyambira 2023 Netflix inayamba kukhwimitsa zogawana akaunti pakati pa anthu osakhala nyumba imodzi, choncho dongosolo la mwana ali ku Blantyre makolo ali ku Domasi limatha kusokonekera. Mafilimu obwerekedwa ku makampani ena amachoka mgwirizano ukatha, ndipo kampani ikagulidwa mwini watsopano amakonda kubweza katundu wake kunyumba. Mu Disembala 2025 Netflix ndi Paramount zinayamba kulimbirana Warner Bros., zomwe zikusonyeza kuti mafilimu otchuka apitiriza kusamukasamuka. Ubwino wake ndi wakuti kutuluka n'kosavuta. Mumaimitsa mwezi uliwonse, ndipo simutsala ndi chitsulo padenga.

Prime Video

*Mtengo.* Ndi madolanso, ndi khadi lomwelo, ndi bandulo yofanana ndi ya Netflix. *Kupezeka.* Imagwira ku Malawi, koma mndandanda wa mafilimu ndi wochepa poyerekeza ndi womwe mumauona m'zotsatsa za ku America. *Kusamalira.* Tsitsani mlingo wa chithunzi pa Stream & Download, apo ayi bandulo ya sabata itha madzulo amodzi. *Chiopsezo.* Mu Januwale 2024, pasanathe zaka ziwiri igulire MGM, Amazon inachotsa antchito ndi kusiya kulamula zopangidwa zatsopano za kuno ku Africa kum'mwera kwa Sahara, n'kutembenukira ku Ulaya. Kwa banja la ku Zomba iyi ndi yotenga mwezi umodzi pofuna sewero linalake, osati yodalira.

Kiliye Kiliye, Azam TV ndi YouTube

*Mtengo.* Kiliye Kiliye ndi ya kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, ndipo ndalama yaikulu ndi yogulira dekoda ndi eriyo. Azam TV, ya gulu la Bakhresa la ku Tanzania, imafuna dishi ndipo imalipiridwa m'makwacha. YouTube siilipiritsa, koma ola limodzi pa 360p limadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a 1GB.

*Kupezeka.* Nkhani za kuno, mapemphero, zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo ndi nyimbo zathu zili pa mawailesi a kanema a m'dziko muno monga MBC, Zodiak ndi Times, ndipo ambiri amaulutsanso pa Facebook ndi YouTube. Masewero a m'Chichewa ochuluka ali pa YouTube, osati pa Netflix. Kiliye Kiliye, monga GOtv, imadalira nsanja zapansi, ndiye malo obisika ndi phiri amafuna eriyo yakunja pa mtengo wautali.

*Kusamalira.* Eriyo iloze komwe kuli nsanja, chingwe chikhale chimodzi chosalumikiza pakati, ndipo nthawi ya ziphaliwali chotsani chingwe kumbuyo kwa dekoda. Pa YouTube sankhani mlingo nokha, musausiye pa Auto, chifukwa netiweki ikakhala bwino imakwera yokha kufika pa 720p kapena kupitirira.

*Chiopsezo.* Kugulana kwa makampani akunja sikukhudza kwenikweni mawailesi a kuno. Koma makampani ang'onoang'ono a dishi amathanso kugwa. Kwesé ya Econet inatseka pakati pa 2018 ndi 2019, ndipo anthu anatsala ndi madekoda opanda ntchito. Dekoda ya kampani imodzi siitsegula matchanelo olipira a kampani ina.

Pali njira ina yomwe ambiri amaifunsa: ma akaunti ogula pa WhatsApp ndi mabokosi olonjeza matchanelo zikwizikwi pamtengo umodzi. Sitikuilimbikitsa. Wogulitsa amagawa akaunti imodzi kwa anthu ambiri, mawu achinsinsi amasinthidwa pakati pa mwezi, maseva amatsekedwa, ndipo palibe koti mukadandaule. Mapulogalamu ena otere amapempha kuwerenga mauthenga a pafoni yomweyo yomwe muli Airtel Money kapena Mpamba. Ndi kuphwanyanso lamulo la Copyright Act la 2016.

Antchito zimawathera bwanji

Makampani awiri akakhala amodzi, maofesi awiri owerengera ndalama, otsatsa malonda ndi oyankha mafoni amasanduka amodzi. Disney inatseka Blue Sky Studios mu 2021, situdiyo yomwe inabwera nayo pogula Fox, ndipo mu 2023 inachotsa antchito 7,000. Paramount inachotsa pafupifupi 2,000 itangogulidwa ndi Skydance.

Pa Canal+ ndi MultiChoice, bwalo loona za mpikisano pamalonda ku South Africa linavomereza kugulanaku mu Julayi 2025 pokhapokha antchito asachotsedwe chifukwa cha mgwirizanowu kwa zaka zitatu. Lonjezo limeneli lili ndi malire awiri: ndi la antchito a ku South Africa, ndipo lili ndi tsiku lothera. Silikufikira womanga madishi wa ku Mpondabwino kapena mayi wogulitsa madekoda pafupi ndi msika waukulu wa Zomba. Anthu amenewa ambiri si olembedwa ntchito, amalandira ya ntchito yomwe agwira kapena komishoni. Ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ndi iwo amene amayamba kumva kuwawa, monga zinachitikira mu 2023 pamene kulumikiza makasitomala atsopano a DStv kunaima kwa miyezi ingapo. Makampani akamakankhira anthu ku mapulogalamu a pafoni, ntchito ya padenga imachepanso.

Kwa wolembedwa ntchito ku Malawi, Employment Act ya 2000 imati bizinesi ikasamutsidwa kupita kwa mwini wina, mgwirizano wa ntchito umapita nawo ndipo zaka zomwe mwagwira sizifafanizidwa. Mukachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito, lamulo limapereka malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse mwa zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse kupitirira pamenepo. Sungani kalata yolembedwera ntchito ndi mapepala a malipiro kunyumba, osati mu imelo ya kuntchito yomwe imatsekedwa tsiku lomwelo. Musasaine pepala losiya ntchito mwakufuna kwanu musanafunse ku ofesi ya zantchito, chifukwa wosiya yekha salandira ndalama imeneyi.

Opanga mafilimu nawo ali pachiopsezo chawo. MultiChoice Talent Factory, yophunzitsa opanga mafilimu, yomwe inayamba mu 2018 ndipo sukulu yake ya chigawo chino ili ku Lusaka, yaphunzitsa Amalawi angapo, koma wogula zopangidwa akakhala mmodzi yekha ndi iye amene amanena mtengo. Pogulitsa sewero, perekani chilolezo cha zaka zowerengeka ndi mayiko otchulidwa, ndipo mulembetse kuti kampani ikalichotsa kapena ikatseka, umwini ubwerere kwa inu. Popanda ndime imeneyi sewero limatha kutsekeredwa, osaonetsedwa kulikonse, inu osaloledwa ngakhale kuliika pa YouTube.

Ndani atenge chiyani

Ngati pakhomo chachikulu ndi mpira wa ku Ulaya, DStv kapena pakeji yapamwamba ya GOtv ndiyo njira, chifukwa masewera amodzi pa intaneti amatenga maola awiri a bandulo ndipo netiweki imakonda kugwa pomwe anthu onse akuonera. Lipirani mwezi ndi mwezi, musalipiriretu chaka, ndipo tsikani pa pakeji yaing'ono mu Juni ndi Julayi ligi ikapuma.

Wophunzira wa ku UNIMA kapena ku Domasi amene ali ndi foni yokha atenge pakeji ya Netflix ya pafoni, yomwe imaonetsa pa 480p pa chipangizo chimodzi, azitsitsa pa Wi-Fi kapena usiku, ndipo aziimitsa nthawi ya mayeso. Ngati alibe khadi lolipirira kunja, YouTube pa 360p ikwanira.

Banja lomwe lili ndi intaneti yopanda malire, kaya ya Starlink kapena ya waya, lingatenge ntchito imodzi ya mafilimu panthawi, mwezi uno Netflix, mwezi wina Prime Video, ndi dekoda ya Kiliye Kiliye pambali ya nkhani za kuno.

Kwa agogo ku Thondwe kapena ku Songani amene ali pa sola, Kiliye Kiliye ndi TV yaing'ono ya 12V ndiyo yosavutitsa. Kumene eriyo siikugwira, dishi ya Azam kapena pakeji yotsika ya DStv ingalowe m'malo, ndipo mwana wa m'tauni azilipira pafoni pogwiritsa ntchito nambala ya khadi la dekoda.

Mwini malo oonetsera mpira, bala kapena malo ogona alendo a ku Kuchawe afunse za DStv Business, pakeji ya malo a malonda, ndi chiphaso cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso. Akaunti ya panyumba, kaya ya DStv kapena ya Netflix, siiloledwa kuonetsera gulu pamalo a malonda, ndipo ikatsekedwa Loweruka masana makasitomala amapita kwa woyandikana naye.

Womanga madishi asadalire kampani imodzi. Aphunzire kuloza dishi ya Azam, kumanga eriyo, kuika Starlink pamalo opanda mitengo, kukoka chingwe cha intaneti m'nyumba ndi kulumikiza rauta ku batire ya sola, ndipo asasunge madekoda ambiri a kampani imodzi m'sitolo kuposa omwe angagulitse pamwezi.